Mmene Mwanaisha Anawondetsera Mwamuna Wake

Mlendo akafika ku Marikana zaka zimenezo n'kufunsa kumene Mwanaisha amakhala, anthu ankayamba amuyang'ana kaye m'khosi ndi m'mikono, kenako n'kumufunsa kuti, "Mwaperewera makilo angati, achimwene?" Sichinali chipongwe ayi. Ntchito imene Mwanaisha anatchuka nayo inali yonenepetsa amuna a eni, ndipo ankaigwira dzuwa likuswa mtengo, mwamuna wake akuona.

Kwawo kunali ku Namwera. Anabwera ku Joni mu 1995 potsatira mwamuna wakeyo, Salehe, amene anali atalembedwa ntchito ndi kontilakita wina pa mgodi wa pulatinamu. Mwana wawo Adija anamusiya kwa agogo ake. Anafikira mu mkhukhu, tinyumba tamalata tija timene masana timakuwotcha, m'mawa wa Juni n'kukuzizira ngati unatilakwira. Sanakhalitse, manja anayamba kumuyabwa. Anagula pulaimasi ndi beseni n'kukazinga mandasi monga ankachitira ndi mayi ake pamsika wa kwawo. Amayi a Chitswana atawaona anaseka mpaka kugwirana, amvekere tinthu timeneti ndi mabatani a jasi. Kuno amawatcha magwinya, ndipo limodzi limayenera kudzaza dzanja la munthu wa mumgodi. Mwanaisha anapsa mtima tsiku limenelo, koma m'mawa mwake anakulitsa. Malo ake anawapeza pansi pa mtengo waminga, kunja kwa mpanda wa chipatala chimene amayezerako antchito.

Munthu asanalowe pansi, ndiponso chaka chilichonse akakhala pantchito, ankayenera kudutsa m'chipatala chimenecho. Ankamujambula chifuwa, kumuyeza maso ndi makutu, kenako kumukweza pasikelo ndi kumuimika pakhoma pamene panali ndodo yoyezera msinkhu. Woyang'anira sikeloyo anali a Absalom, mtchona wa ku Ntcheu amene anabwera nthawi ya Wenela, n'kukwatira ku Mabeskraal, n'kuiwala njira ya kwawo koma osaiwala kukoma kwa nsinjiro. Chichewa chawo chinali ndi zigamba za Fanakalo, chinenero cha m'migodi. Tsiku lina anatuluka atagwira pamkono munthu wamtali ngati nsungwi, dzina lake Sadiki, wa ku Machinga.

"Mwana wanga," anatero a Absalom, "uyu ndi wakwanu. Sikelo yamukana. Nthawi yathu tinkamwa madzi mpaka mimba kuti ndi, ena kuika miyala m'thumba. Manje ayikona, lero sizitheka, amakweza munthu ali ndi kabudula yekha. Tamuikani mnofu, abwerenso mwezi wamawa."

Mwanaisha anamuyang'ana Sadiki monga mayi amayang'anira nkhuku imene wapatsidwa kuti awete. M'mawa ankamupatsa phala la nsinjiro, masana futali wa mbatata, madzulo papa, nsima ya ku Joni, ndi nyemba zothira chiponde, pakatipakati gwinya ndi tiyi wa kondensi. Loweruka ankapita naye kwa mkulu wina wogula zitsulo zakale n'kumukweza pasikelo imene amayezerapo mapaipi. Mwezi utatha Sadiki anadutsa. Zinafalikira ngati moto wa m'chilimwe. Anabwera a ku Mangochi, a ku Chipata, anabweranso Luís wa ku Tete amene nthiti zake zinkawerengeka atavala malaya. Wokhala ndi kanthu ankalipira, wopanda kanthu ankadyabe, chifukwa Mwanaisha mtima wake sunkalola kuona khosi lowonda likudutsa pakhomo pake.

Mtima umenewo unali ndi gwero lake. M'chilala cha 1992 iye ndi Salehe anadya mango aawisi owiritsa ndi madeya, ndipo Salehe ankanama kuti wadya kale kwa anzake kuti chotsalacho chipite kwa mkazi wake amene ankayamwitsa. Mwanaisha anaona mafupa a m'khosi mwa mwamuna wake akutuluka, n'kulumbira kuti sadzawaonanso. Komanso zaka zimenezo kuwonda kunali ndi mbiri yoipa. Munthu akangotsika thupi pang'ono, anthu ankatsinana n'kunong'onezana za kaliwondewonde. Kwa Mwanaisha, ngati kwa ambiri a ife, kunenepa ndiwo unali moyo.

Choncho Salehe anasanduka chikwangwani cha bizinesi. Mphika uliwonse ankayamba kulawa ndi iye, ndipo kulawa kwake kunali kwa mbale yodzaza. Anali munthu wofatsa, wosatalika, waulemu wopitirira muyeso. Polankhula ndi aliyense amene akuoneka ngati ali ndi udindo, ngakhale kondakitala wa basi, mawondo ankapinda okha, mapewa n'kugwa, mutu n'kuwerama, manja n'kugwirana kutsogolo. Mwanaisha ankati pa moyo wake wonse anamuona ataima mowongoka kamodzi kokha, pamsika wa ku Namwera, tsiku limene anadzaima moyang'anizana ndi beseni lake la mandasi atavala malaya oyera, osagula kanthu, osanena kanthu, kungofuna kuti aonedwe. Tsopano ku Marikana mimba inali itatsogola, khosi litapinda mizere itatu. Akamadutsa, Mwanaisha ankauza makasitomala atsopano monyadira kuti, "Mukuwaona awo? Anabwera kuno ali ngati inu."

Mu Disembala 1996 inakwana nthawi yoti Salehe akayezedwe za pachaka. Mwanaisha sanade nkhawa ngakhale pang'ono. Sikelo ikanamukana bwanji munthu amene ankaidzaza yonse? Koma Salehe atatuluka pageti sanayang'ane m'beseni, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Kumbuyo kwake kunkabwera a Absalom, atanyamula kamakina kawo kowerengera.

"Kwagwanji, bambo a Adija? Chifuwa?"

"Chifuwa chili bwino," anayankha Salehe akuyang'ana pansi. "Akuti ndachuluka."

Mwanaisha anaseka. Anayang'ana a Absalom kuti nawonso aseke, koma iwo anakhala pa kreti n'kuvula chipewa.

"Mwana wanga, sikelo ili ndi makomo awiri. Inu mumadziwa la pansi lokha. Sitiyang'ana makilo okha ayi. Timatenga makilo a munthu, kugawa ndi msinkhu wake, zimene tapezazo kugawanso ndi msinkhu womwewo. Onani apa. Amuna anu ndi makilo 106. Msinkhu ndi mita imodzi ndi masentimita 68. Ndagawa kamodzi, ndagawanso. Nambala yawo ndi 37 ndi kanthu. Pantchito pano, ikatsika kupitirira 20 timati pita ukadye. Ikakwera kupitirira 35, pansi sulowa."

"Madala, chilowereni pansi bambowa anayamba adwalapo? Anajombapo? Munthu wathanzi chonchi mukumukana chifukwa cha kamakina?"

"Tandiuzani," anatero a Absalom mosapsa mtima, "mukavuula gwinya lalikulu ndi laling'ono nthawi imodzi, limayamba kuzizira ndi liti?"

"Laling'ono."

"Eya. Lalikulu mnofu ndi wambiri, khungu silikwanira kutulutsa moto wonse, ndiye umatsalira mkati. Pansi paja pamatentha, mwana wanga, ndipo munthu amazizira ndi khungu lake, ndi thukuta. Ndaonapo madoda amphamvu akugwa ngati matumba, mtima utatopa. Amuna anuwa ndi gwinya lalikulu."

Salehe anaseka pang'ono, kenako anasiya ataona nkhope ya mkazi wake. A Absalom anafotokoza zotsala. Kontilakita wamupatsa miyezi itatu yosesa pabwalo kumtunda. M'Malichi adzamuyezanso. Pa msinkhu wakewo, ayenera kutsika mpaka pansi pa makilo 99. Akalephera, ntchito yatha, ndipo mapepala ake okhalira m'dzikomo anali omangirira pa ntchito yomweyo. Kunali kubwerera ku Namwera chimanjamanja, kukamuuza Adija kuti bambo ake achotsedwa ntchito chifukwa chokhuta.

Chimene chinamupweteka kwambiri Mwanaisha n'chakuti mlandu unali wa dzanja lake. Chachiwiri chinali manyazi. Wonenepetsa wa Marikana yense, lero amve anthu kuti walemetsa mwamuna wake mpaka kumugwetsa pantchito? Ali m'njira anamuuza Salehe kuti, "Nkhani iyi musauze munthu. Tithana nayo awiriwiri." Salehe anavomera, monga ankavomerera chilichonse.

Mbale ya Salehe inachepa. Kabichi, nyemba zopanda chiponde, papa wofanana ndi chibakera cha mwana. Tiyi wa kondensi anatha. Ndiye mu Januwale unaoneka mwezi wa Ramadhani, Mwanaisha n'kuwomba m'manja. "Mulungu watitumizira mwezi wake panthawi yake," anatero. Munthu wosadya kuyambira m'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa, n'kumasula ndi kabichi, angalephere bwanji kuwonda? Dzuwa likalowa Salehe ankamasula ndi madzi kumzikiti, kanyumba kamalata kamene amuna ankapempherako, n'kubwera kunyumba mochedwerapo pang'ono, n'kudya kabichi wakeyo mwakachetechete, n'kuthokoza.

Kuthokoza kumeneko ndi kumene kunamudabwitsa Mwanaisha. Mwamuna wanjala amadandaula, amatsegula miphika, amayang'ana mkazi wake ndi diso lofiira. Uyu ankangogeya mwaulemu. Lamba nayenso anali pa bowo lomwe lija. Loweruka lina m'mamawa anamutengera kwa wogula zitsulo, anthu asanachuluke. Muvi wa sikelo unazungulira, n'kudutsa 106, n'kukaima pa 107.

"Sikelo iyi ndi ya zitsulo, mayi a Adija," anatero Salehe motsitsa mawu.

"Ya zitsulo yomweyo inamuyeza bwino Sadiki. Tsikani."

Madzulo a tsiku lotsatira Mwanaisha anafunda chitenje n'kukaima kuseri kwa shopu ina moyang'ana mzikiti. Amuna atatuluka, anaona Salehe akukhota njira yosapita kwawo, Sadiki atamugwira dzanja ngati wodwala. Anawatsatira chapatali mpaka pa mkhukhu wa Sadiki. Fungo linamupeza asanafike pakhomo, ndipo analizindikira msanga chifukwa linali lake: futali wa nsinjiro zambiri, wophikidwa monga iye anaphunzitsira. Anakankha chitseko osaodira.

Pa mphasa panali futali, mpunga, nkhuku, ndi botolo lalikulu la zakumwa zotsekemera. Mozungulira munali amuna asanu, onse odutsa m'manja mwake, kuphatikizapo Luís amene sanali Msilamu koma anali atavala malaya ake a kutchalitchi. Pakati panali Salehe, supuni ili m'malere pakati pa mbale ndi kamwa. Inakhala pomwepo, osapita kutsogolo, osabwerera.

Sadiki ndiye anayamba kulankhula, atagwada. "Alamu, musakwiye. Tinaona achimwene awachotsa pansi, akusesa pabwalo. Tinaona mbale imene mukuwapatsa. Tinati mwina kunyumba kwavuta, kapena achimwene ayamba kudwala ndipo mukuchita manyazi kunena. Inu munatidyetsa ife tilibe ngakhale sopo. Kupatsa n'kuika, alamu. Ndiye tinagawana masiku: lero kwa ine, mawa kwa Luís, mkuja kwa wina. Sitinafune kuti mudziwe, kuopa kukuchititsani manyazi."

"Nanga inu, bambo a Adija?"

Salehe anatsitsa supuni pang'onopang'ono. "Ndikanakana bwanji? Munthu wakuitanira chakudya chomasulira, iwe n'kukana, ndiye kuti wamulanda madalitso ake. Ndiponso munati ndisauze munthu."

Mwanaisha anali atabwera ndi mawu okwanira kugwetsa malata. Anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka chinali kuseka kosakanikirana ndi misozi. Anthu awa anali kumupha mwamuna wake ndi chikondi, ndipo chikondicho anawaphunzitsa ndi iye mwini. Anakhala pansi pakhomo pomwepo, chitenje chitagwa paphewa.

"Alamu anga, zikomo. Mulungu akudalitseni. Koma bambowa sakudwala, ndipo kwathu ufa ulipo. Sikelo yawakana chifukwa anenepa kwambiri. Ndawanenepetsa ndine. Akapanda kutsika pofika Malichi, tikupita kumudzi."

Sadiki anayang'ana nkhuku, n'kuyang'ana Salehe, n'kukoka mbale ija pang'onopang'ono kubwera nayo kumbali kwake. Luís ndiye anaphulika. Anaseka mpaka kugona chagada, akumenya malata ndi phazi. "Ine ndinagula nyama ya mbuzi ya mawa!" anafuula. "Ndinapita wapansi mpaka ku Segwaelane kukaifuna, kuti achimwene asafe!"

Mutu umodzi susenza denga, ndipo kuyambira tsiku limenelo denga la Salehe linasenzedwa ndi Marikana yense. Amene ankamudyetsa aja anasanduka apolisi ake. Akadutsa pakhomo pamene anthu akudya, m'malo mwa "karibu" ankamva "pitirirani, achimwene", chinthu chimene Mmalawi sanena ngakhale kwa mdani, ndipo onenawo ankachinena akudzigwira pamtima. Oyendetsa matekisi anauzidwa kuti asamuimire. Ankapita ku ntchito wapansi, Sadiki kapena Luís akumuperekeza, ndipo Lamlungu pa mpira anamupatsa mbendera kuti azithamanga m'mbali mwa bwalo. Timu yake itagoletsa iye anali akadali pakati pa bwalo, atagwira mawondo. Mayi wina wa Chitswana woyandikana nawo, yemwe uja anaseka mandasi, ankabweretsa masamba a morogo m'mawa uliwonse n'kumati, "A rra wa rona," kutanthauza a bambo athuwa. Pa tsiku la Idi, anthu akudya mpunga wa nyama mpaka kumasula malamba, Salehe anapatsidwa nthuli imodzi pamaso pa gulu lonse, ndipo anaidya pang'onopang'ono ngati mankhwala odula.

Mwanaisha ankadya mbale yofanana ndi ya mwamuna wake. Tsiku lonse ankakhala ndi beseni la magwinya pamiyendo, koma pakamwa pake sipankalowa ngakhale kachidutswa. Zimenezo sizinamuvute kwambiri. Chinamuvuta chinali khosi la Salehe. Mizere ija inatha umodziumodzi, kolala inayamba kukhwefuka, ndipo m'mawa wina akusamba kumaso pabeseni, Mwanaisha anaona mafupa aja akusuzumira. Ankadziwa kuti izi n'zimene akufuna, koma ankaopa, ndipo mantha ake anali a chaka cha chilala chija. Tsiku lomwelo anangozindikira kuti dzanja lake lathira kale nsinjiro m'phala la Salehe, iye osalituma. Anaima nalo phalalo nthawi yaitali. Kenako anakalipereka kwa mayi woyandikana naye uja n'kuphika lina la madzi okhaokha.

Malichi anafika. Loweruka lomaliza sikelo ya zitsulo inanena makilo 100. Mwanaisha anamutsitsa Salehe, n'kumuvula nsapato, n'kumukwezanso. Muvi sunasinthe maganizo. Inatsala kilo imodzi ndi kanthu, ndipo nthawi inali itatha.

Tsiku loyezalo kunatentha kuyambira m'mawa. Mwanaisha anayala beseni lake pansi pa mtengo waminga monga mwa masiku onse, koma ankapereka magwinya awiri kwa wogula limodzi, limodzi kwa wogula awiri. Pomaliza anasiya beseni m'manja mwa Luís, amene anali atabwera ndi Sadiki ati kudzangodutsa, n'kupita pampanda. Chifukwa cha kutenthako mawindo a chipinda choyezera anali otsegula, ndipo ataponda pamwala ankaona zonse. Munali Sisita Kedibone, namwino wamkulu wa magalasi amene amuna a m'migodi ankamuopa kuposa kapitawo. Munali a Absalom ndi kamakina kawo. Ndiye munali Salehe ali ndi kabudula yekha, akukwera pasikelo ngati ikuwotcha.

"Makilo handirede," anatero a Absalom. Anadinadina kamakina kaja pogwiritsa ntchito msinkhu wa mu Disembala, n'kupukusa mutu pang'ono. Mwanaisha anawerenga milomo yawo: 35 ndi kanthu. Kanthu kakang'ono, koma kanali kumtunda kwa mzere.

Sisita sanalembe. Ananena kuti lamulo ndi kuyeza zonse ziwiri mwatsopano, n'kuloza pakhoma. Salehe anapita kukaima pa ndodo yoyezera msinkhu, ndipo anaima monga ankaimira pamaso pa wamkulu aliyense: mawondo opinda, mapewa akugwa, mutu pansi, manja atagwirana kutsogolo.

"Ema sentle, rra," anatero Sisita mwamphamvu, kumuuza kuti aime bwino.

Salehe atamva mawu aukaliwo anaganiza kuti ulemu wake waperewera, ndipo anawerama kwambiri. Sisita anabwereza mokweza. Salehe anatsikanso. Akanapitiriza, bambo wa Adija akanafika pogwada.

Mwanaisha ali pamwala paja anakumbukira mawu a a Absalom, akuti makilo amagawidwa ndi msinkhu, n'kugawidwanso ndi msinkhu womwewo. Miyezi itatu yonse analimbana ndi mimba, osaganizako kuti mwamuna wake amadzifupikitsa yekha. Anaiwala kuti pali anthu, anaiwala kuti ndi chipatala cha eni. Anagwira waya wa mpanda ndi manja awiri n'kukuwa.

"Bambo a Adija! Pamenepo si pa apongozi anu! Imani ngati tsiku lija munaima pamsika wa ku Namwera, mutavala malaya obwereka, kuti ine ndikuoneni!"

Mzere wonse wa amuna amene ankadikira panja unatembenuka. Sisita anatsitsa magalasi n'kuyang'ana pawindo. Salehe nayenso anayang'ana, n'kuona mkazi wake ataponda pamwala, duku litapendekeka, akumuyang'ana iye yekha. Mawondo anawongoka. Manja anamasukana n'kugwa m'mbali. Mapewa anabwerera m'mbuyo, chifuwa n'kutuluka, chibwano n'kukwera. Sisita anawerama n'kuona ngati zidendene zili pansi, anazikanikiza ndi dzanja kuti atsimikize kuti sakunyang'ama, kenako anatsitsa kathabwa pamutu pake. Anayezanso kachiwiri.

"Mita imodzi ndi 70," anawerenga a Absalom. Anadina makilo, n'kugawa, n'kugawanso. Anaonetsa Sisita kamakinako. Sisita anawerengetsa yekha papepala, n'kulankhula mawu angapo m'Chitswana akulemba. A Absalom anabwera pawindo, nkhope ataiumitsa ngati ya ntchito, koma maso akuseka.

"Ndi 34 ndi kanthu. Wadutsa. Koma Sisita akuti nambala imeneyi ikadali yaikulu, mtima wa munthu si injini, chaka chamawa akufuna aione itatsikanso. Akutinso mayi wa pampandayo atsike pamwala asanathyoke mwendo."

Kumtengo kuja Luís anali atayamba kale kuvina ndi beseni pamutu, Sadiki akumuthamangira kuti magwinya angagwe.

Mwanaisha anapitiriza ntchito yake pansi pa mtengo womwewo kwa zaka zambiri. Owonda ankabwerabe, iye n'kumawaika mnofu. Koma kuyambira chaka chimenecho ankayamba wamuimika munthu pa mtengo, pamene Salehe anakhomapo tepi ya telala, n'kumufunsa kuti, "Mukufuna makilo apite kutsogolo kapena abwerere m'mbuyo?" Ndipo a Absalom anayamba kumutumizira ndi a mimba omwe. Koma zimenezo ndi za m'tsogolo. Tsiku limenelo chimene anthu anaona n'chakuti Salehe anatuluka pageti atavala malaya ake okhwefuka, ataiwala kuwerama. Anadutsa mlonda ali chiwongokere, mpaka mlondayo anamupatsa moni woyamba. Mwanaisha anamuyang'ana akubwera, anayang'ana khosi lija ndi mafupa ake, n'kupeza kuti mantha aja palibe. Amene ankabwerayo sanali munthu wa m'chilala. Anali wa pamsika uja.

Salehe anaima patsogolo pa beseni, n'kuyang'ana mkati nthawi yaitali.

"Limodzi lokha, mayi a Adija. Lero lokha."

Mwanaisha anafufuza mpaka pansi n'kupeza laling'ono kuposa onse, lofanana ndi mandasi a kwawo. Analinyema pakati, theka n'kumupatsa, theka n'kuika m'kamwa mwake. Anatafuna onse awiri mwakachetechete, anzawo akunamizira kuyang'ana kumbali.

"Koma zija mwanena pagulu zija," anatero Salehe motsitsa mawu. "Munadziwa kuti malaya aja anali obwereka?"

"Manja ake ankafika kunsonga za zala. Msika wonse unadziwa kuti ndi a achimwene anu a Mohamadi."

Salehe anamuyang'ana mkazi wake. Zaka zonsezi ankaganiza kuti anapambana ndi malayawo.

"Nanga munandiloleranji?"

Mwanaisha anapukuta mafuta kuzala ndi chitenje, n'kumukonzera kolala ija imene tsopano inkamukulira.

"Munaima bwino," anatero.